Mbiri ya Kuimba Foni pa Intaneti ndi Mawu Oitchulira

Pa 5 Meyi 2025 kampani ya Microsoft idatseka Skype, pulogalamu imene kwa zaka pafupifupi 22 idathandiza anthu kulankhula ndi abale awo okhala kutsidya kwa nyanja popanda kulipira mtengo wa foni yakunja. Chilengezo chake chidaperekedwa pa 28 Febuluwale chaka chomwecho, ndipo onse amene ankaigwiritsa ntchito adauzidwa kuti asamukire ku pulogalamu ina ya kampani yomweyo, yotchedwa Teams. Manyuzipepala adailemba nkhaniyi ngati ya zamalonda. Komatu ikukhudzanso alembi, akonzi a mabuku ndi aphunzitsi, pakuti dzina lakuti Skype lidali litalowa kale m'ziyankhulo zambiri. M'Chingerezi lidasanduka mneni, ndipo mneniwo udalembedwa m'madikishonale a Oxford. Lero mneniwo ukadali m'mabuku pamene chinthu chimene unkatchula chidapita.

M'Chichewa zotere sizidachitike. Anthu ankanena kuti "tiimbirane pa Skype," ndipo Skype itatha chiganizocho chidangosintha dzina lakumapeto, mneni n'kukhala womwe uja. Kuti chifukwa chake chimveke, ndiponso kuti amene akusankha mawu olowa m'mabuku a sukulu asasankhe mwachisawawa, nkoyenera kuyamba ndi mbiri ya chinthucho, imene ndi yaitali kuposa momwe ambiri amaganizira.

Njira ziwiri zotumizira liwu

Telefoni imene Alexander Graham Bell adalembetsa ku America mu 1876 idagwira ntchito mwa njira imodzi kwa zaka zoposa 100. Munthu akaimba, nthambo yake inkalumikizidwa ndi ya mnzake, poyamba ndi manja a opareta, pambuyo pake ndi makina, ndipo njira yotsekulidwayo inkakhala ya awiriwo okha kufikira atatsazikana. Ngakhale onse atakhala chete, munthu wina sakadatha kudutsamo. Zidali ngati kuchita hayala galimoto yonse, imene mwini wake amalipiritsa ndithu ngakhale mipando ina ikhale yopanda anthu. N'chifukwa chake mtengo wa foni unkawerengedwa potsata mphindi ndi kutalika kwa mtunda, ndipo foni yopita kunja kwa dziko idali ya anthu ochepa.

Intaneti imayenda mosiyana. Uthenga uliwonse umadulidwa m'timaphukusi ting'onoting'ono, kalikonse ndi keyala yake, ndipo timaphukusito timadzera njira iliyonse imene ili ndi malo, monga mitokoma yokwezedwa m'mabasi osiyanasiyana. Kumene timafikirako, kompyuta yolandira imatisanjanso m'ndondomeko yake. Pa kalata ya pa kompyuta njirayi ilibe vuto, pakuti kalata ikachedwa ndi mphindi imodzi palibe wodandaula. Liwu la munthu ndiye silipirira. Bungwe la International Telecommunication Union limalangiza kuti liwu lisamatenge mamilisekondi oposa 150, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7 a sekondi, kuti lifike m'khutu la womvera. Likachedwa kwambiri kuposa pamenepo anthu amayamba kudulana mawu m'kamwa, aliyense poganiza kuti mnzake watsiriza. Mbali yaikulu ya mbiriyi ndi kulimbana ndi kuchedwa kumeneku, pamodzi ndi vuto la timaphukusi totayika m'njira, timene timachititsa kuti liwu lizimveka modukaduka.

Kuyesa koyamba kudachitika ku America pa ARPANET, netiweki ya boma la dzikolo imene idabala intaneti. Mu 1974 Danny Cohen ndi anzake a ku Information Sciences Institute, nthambi ya University of Southern California, adatumiza liwu la munthu pakati pa malo awo ndi Lincoln Laboratory ya ku Massachusetts, potsata malamulo amene adawatcha Network Voice Protocol. Zidatheka, koma zidatsalira m'nyumba za kafukufuku kwa zaka 20, chifukwa makompyuta oti n'kutha ntchitoyi sadali m'manja mwa anthu wamba.

Mu Febuluwale 1995 kampani yaing'ono ya ku Israel yotchedwa VocalTec, imene Alon Cohen ndi Lior Haramaty adaikhazikitsa mu 1989, idayamba kugulitsa pulogalamu yotchedwa Internet Phone. Woigula ankafunika kukhala ndi kompyuta, maikolofoni, masipika ndi modemu, kachipangizo kolumikiza kompyuta ku nthambo ya telefoni. Mamodemu a nthawi imeneyo ankanyamula makilobiti 14.4 kapena 28.8 pa sekondi, pamene njira imodzi ya telefoni wamba imatenga makilobiti 64. Motero liwu linkayenera kufinyidwa kaye, ndipo linkatuluka ngati la munthu wolankhulira m'chitini. Poyamba anthu awiri sankatha kulankhula nthawi imodzi. Ankalandizana ngati apolisi pa wailesi zawo. Komanso onse awiri ankayenera kukhala ndi pulogalamu yomweyo ndi kukhala pa intaneti nthawi yofanana, kotero kuti padafunika kupangana kaye ola mwa njira ina asadaimbirane.

Chidali chida chosalongosoka, koma makampani a telefoni adaona msanga kumene chinkaloza. Mu Malichi 1996 bungwe la makampani ang'onoang'ono oimbitsa mafoni akutali ku America, la America's Carriers Telecommunication Association, lidapempha Federal Communications Commission, nthambi ya boma yoyang'anira zamtokoma, kuti iletse kugulitsa mapulogalamu otere. Pempholo silidaphule kanthu. Chaka chomwecho Microsoft idatulutsa NetMeeting, Net2Phone idayamba kulola kompyuta kuimbira telefoni wamba, ndipo International Telecommunication Union idavomereza malamulo a H.323 kuti zida za makampani osiyanasiyana zizimvana. Malamulo ena, a SIP, amene mafoni ambiri a m'maofesi akutsata lero, adasindikizidwa mu 1999. Ngakhale eni Chingerezi sadagwirizane msanga za dzina la chinthu chatsopanochi. M'zolemba za zaka zimenezo muli Internet telephony, IP telephony ndi Voice over Internet Protocol, ndipo lomalizali ndilo lidapambana pamodzi ndi chidule chake, VoIP.

Kukana kwa maboma ambiri sikudali kuuma mutu chabe. Foni ikadutsa malire, kampani ya dziko loimba inkalipira ya dziko loimbiridwa chifukwa chofikitsa foniyo kwa mwini wake. Pakuti mafoni ochokera ku maiko olemera kupita ku maiko osauka adali ochuluka kuposa obwerera, makampani a boma a mu Africa ankapeza ndalama zakunja mwa njira imeneyi. Mu 1997 Federal Communications Commission idalamula makampani a ku America kuti atsitse malipirowo mpaka masenti 23 pa mphindi kwa maiko osauka, ndipo foni ya pa intaneti idadza kudzalambalala ngakhale otsalawo. Maiko ambiri adailetsa kapena kuisungira kampani ya boma yokha. South Africa idaimasula pa 1 Febuluwale 2005. Morocco idaitseka mu Januwale 2016 n'kuitsekulanso mu Novembala chaka chomwecho. Ku Zambia, mu Ogasiti 2018, boma lidalengeza msonkho wa 30 ngwee pa tsiku pa mafoni oimbidwa pa intaneti, ponena kuti makampani a foni ankataya malonda.

M'maofesi zinthu zidayenda mwakachetechete ndiponso mofulumira. Ofesi yaikulu ya m'zaka za m'ma 1990 idali ndi nthambo za mitundu iwiri, zina za telefoni, zina za makompyuta, aliyense ndi amisiri ake. Wantchito akasamukira m'chipinda china padafunika mmisiri kudzasuntha nambala yake. Mu 1998 kampani ya Cisco idagula kampani ya ku Texas yotchedwa Selsius Systems, imene inkapanga matelefoni olumikizidwa ku nthambo ya makompyuta, ndipo mu 1999 Mark Spencer wa ku Alabama adalemba Asterisk, pulogalamu yaulere yosandutsa kompyuta wamba kukhala makina ogawa mafoni mu ofesi. Mabwana adakopeka ndi kutsika kwa mabilu, makamaka pamene kampani idali ndi nthambi m'mizinda ingapo. Wantchito sankaona kusiyana kulikonse. Telefoni ya pa desiki pake inkalira monga kale, iye n'kuinyamula monga kale, ndipo sadafune liwu latsopano loitchulira. Chimodzimodzi anthu amene ankagula makadi otsika mtengo oimbira kwawo ali ku London kapena ku Johannesburg: ambiri mwa mafoni awo ankadzera pa intaneti iwo osadziwa.

Zaka za Skype

Skype idatuluka pa 29 Ogasiti 2003. Eni ake adali Niklas Zennström wa ku Sweden ndi Janus Friis wa ku Denmark, koma amene adailemba adali akatswiri a ku Estonia, pakati pawo Ahti Heinla, Priit Kasesalu ndi Jaan Tallinn. Anthu omwewa adali atapanga kale Kazaa, pulogalamu yogawirana nyimbo imene idadzetsa milandu ndi makampani ojambula nyimbo. Luso la Kazaa ndilo adalitengera ku Skype. M'malo mogula makompyuta akuluakulu oti mafoni onse azidutsiramo, adagawa ntchitoyo kwa makompyuta a ogwiritsa ntchito eni ake, kotero kuti kompyuta ya munthu wokhala ndi intaneti yamphamvu inkathandiza kulumikiza anthu ena, nthawi zambiri mwini wake osadziwa. Anthu akamachuluka mphamvu ya netiweki inkachulukanso, kampani osawononga ndalama zambiri.

Dzinalo lili ndi mbiri yoti wofufuza mawu aidziwe. Lidachokera ku mawu a Chingerezi akuti Sky peer-to-peer, amene adafupikitsidwa kukhala Skyper. Atapeza kuti keyala zina za pa intaneti za dzinalo zidali zitatengedwa kale, eni ake adangochotsa lembo lomaliza. Choncho liwu limene lidadzalowa m'madikishonale lidaumbidwa ndi kusowa kwa keyala, osati ndi lamulo lililonse la chiyankhulo.

Chimene chidakopa anthu n'chakuti pulogalamuyi inkagwira ntchito munthu akangoiika, popanda kuitana mmisiri, liwu linkamveka bwino, ndipo kuimbirana pakati pa anthu awiri a Skype kudali kwaulere kulikonse kumene adali. Mu 2004 idayamba kulola kuimbira matelefoni wamba pa mtengo wotsika, ndipo kumapeto kwa 2005 idawonjezera kuonana nkhope. Michael Powell, amene adali wapampando wa Federal Communications Commission, adanena poyera kuti ataiyesa Skype adazindikira kuti malonda akale a telefoni adali atatha. Kampani ya eBay idaigula mu Sepitembala 2005 pa mtengo wa madola 2.6 biliyoni, koma idalephera kuilumikiza ndi malonda ake, ndipo mu 2009 idagulitsa gawo lalikulu kwa ena. Microsoft idaigula mu 2011 pa madola 8.5 biliyoni. Malinga ndi kampani yofufuza ya TeleGeography, mu 2013 anthu adalankhulana pa Skype modutsa malire a maiko kwa mphindi 214 biliyoni.

Chimene chidaikweza ndicho chidaifooketsa. Mu Ogasiti 2007 Skype idazima kwa masiku awiri, ndipo mu Disembala 2010 idazimanso, pamene makompyuta ambiri olumikiza anzawo aja adagwa nthawi imodzi. Vuto lalikulu koposa lidali foni ya m'manja. Kompyuta ya pa desiki imakhala pa magetsi tsiku lonse, koma foni ya m'manja imadalira batire ndipo singanyamule mtolo wa anthu ena. Microsoft idasamutsira ntchito yonse ku makompyuta ake akuluakulu, ndipo pamene inkachita zimenezi anzake adaipitirira. Viber ndi FaceTime zidatuluka mu 2010. WhatsApp, imene Jan Koum ndi Brian Acton adaiyambitsa mu 2009 ndipo Facebook idaigula mu 2014, idawonjezera kuimba mu 2015 ndi kuonana nkhope mu Novembala 2016. WhatsApp sinkafuna kuti munthu apeke dzina ndi mawu achinsinsi monga Skype. Nambala yake ya foni idali yokwanira.

Ku Malawi Skype idali chinthu cha m'tauni, cha m'maofesi a mabungwe, m'makoleji ndi m'malo ogulitsa intaneti. Intaneti yogulitsidwa kwa anthu idayamba m'dziko muno mu 1997, ndipo kwa zaka zoposa 10 inkadzera pa masetilaiti oyandama pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kuchokera pansi. Ulendo wokwera ndi kutsika wokha umadya pafupifupi kota ya sekondi, imene ndi yopitirira kale malire a mamilisekondi 150 aja. Amene adafunsidwapo ntchito pa Skype m'zaka zimenezo amakumbukira kuyankha funso wofunsa atayamba kale lina. Zinthu zidayamba kusintha nthambo za pansi pa nyanja zitafika m'mbali mwa Africa wa kum'mawa, ya SEACOM mu 2009 ndi ya EASSy mu 2010, ndipo Malawi adalumikizidwa nazo kudzera ku Mozambique ndi Tanzania. Koma anthu ambiri a m'dziko muno sadadzere pa kompyuta. Foni yawo yoyamba idali ya m'manja, kuchokera pamene TNM idakhazikitsidwa mu 1995 ndi Celtel mu 1999, motero foni yawo yoyamba ya pa intaneti idali ya WhatsApp. Mabanja amene agogo awo ankadikira kalata yochokera ku migodi ya Wenela kwa milungu ingapo, lero amakambirana za sukulu, za matenda ndi za maliro ndi ana awo a ku Johannesburg akuonana nkhope.

Mbali ya m'maofesi ndiyo ikuonetsa bwino kusakhazikika kwa maina. Pulogalamu ya Microsoft yolankhulirana pantchito inkatchedwa Office Communications Server mu 2007, idakhala Lync mu 2010, idasandulika Skype for Business mu 2015, ndipo mu 2017 kudabwera Teams kudzailowa m'malo. Awa ndi maina anayi m'zaka 10, ntchito yake ili imodzimodzi. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, ndipo dzina la malonda ndi mlendo wotere. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, maofesi ndi masukulu atatsekedwa, ku Malawi kuyambira pa 23 Malichi kwa masukulu, dzina limene lidamveka padziko lonse silidali la Skype. Lidali la Zoom, pulogalamu ya kampani imene Eric Yuan adaikhazikitsa mu 2011. Kampaniyo idati olowa m'misonkhano yake pa tsiku adachoka pa 10 miliyoni mu Disembala 2019 kufika pa 300 miliyoni mu Epulo 2020. Pa Zoom woitanidwa ankangodina keyala imene watumiziridwa, osafunika kulembetsa dzina. Patatha zaka zisanu Skype idatsekedwa.

Mawu a Chichewa

Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972 ndipo lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, mu 1980 ndi mu 1990, lidatha mu 1995, chaka chomwe Internet Phone idatuluka. Ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ya University of Malawi mu 1996, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja udasindikizidwa mu 2000, Skype isadabadwe. Motero mawu ambiri a nkhaniyi adalowa m'Chichewa kudzera pa wailesi, m'zotsatsa malonda za makampani a foni ndi m'kamwa mwa anthu. Nkoyenera kuvomereza kuti pa mfundo yaikulu anthuwo adasankha bwino.

Mneni wakuti kuimba ndi wakale. Anthu amaimba nyimbo, amaimba ng'oma, amaimba mluzu, amaimba belu. Telefoni zoyamba zidali ndi belu lenileni, ndipo n'kosavuta kuona momwe woliza belu la mnzake wakutali adatchedwera woimba. Palinso kutchaya lamya, kumene kukufanana ndi ukushaya ucingo kwa m'Chizulu, m'mene ucingo ndi waya komanso telefoni. Liwu lakuti lamya nalo lidatumikira telegalamu ndi telefoni yomwe, ndipo lero pa wailesi pamamveka lamya ya m'manja ngakhale ilibe nthambo. Belu lidachoka, opareta adachoka, nthambo idachoka, koma kuimba kudatsala pamodzi ndi misintho yake yonse: kuimbira, kuimbirana, kuimbiridwa, kuimbitsa. Kudula foni nako kudatsala, chonsecho palibe chimene chimadulidwa.

Dzina la pulogalamu Chichewa chidaliika kunja kwa mneni, pambuyo pa mperekezi pa: kuimbirana pa Skype, kuimba pa WhatsApp, msonkhano wa pa Zoom. Kuumba kumeneku kukugwirizana ndi momwe zinthuzo zilili. Pa telefoni wamba munthu aliyense angaimbire wina aliyense, chifukwa maiko adapangana malamulo amodzi kuyambira pamene adakhazikitsa bungwe la matelegalamu mu 1865, limene ndilo International Telecommunication Union ya lero. Mapulogalamu ambiri a pa intaneti sali choncho. Amene ali pa WhatsApp sangaimbire amene akudikira pa Zoom. Dzina la pulogalamu tsono limagwira ntchito ya dzina la malo, monga ponena kuti tikumane pa Chichiri kapena pa Wenela: limauza mnzako kumene akupeze. Apa pakusiyana ndi mankhwala otsukira mano, amene anthu ambiri amangowatcha Colgate ngakhale akhale a kampani ina, pakuti onse amatsuka mofanana ndipo dzina limodzi limakwanira. Dzina la pulogalamu yoimbira silingakhale dzina la zonse popanda kusokoneza anthu. Pachifukwa chomwechi ndi dzina lamwinimwini, loyenera kulembedwa ndi lembo lalikulu, monga eni ake amalilembera, ndiponso motalikirana ndi mperekezi, monga ku Zomba kapena pa Dedza.

Si kuti Chichewa chimakana aneni obwereka. Kuflasha kudalowa ndipo kudakhazikika, chifukwa kudatchula mchitidwe umene kuimba sikukadaunena m'liwu limodzi: kuliza foni ya mnzako kamodzi n'kudula, kuti iye, amene ali ndi mayunitsi, akuimbire. Mneniwo udachokera ku mneni wamba wa Chingerezi, osati ku dzina la kampani, ndiye sungafe ndi kampani iliyonse. Chotsala ndi kalembedwe kake. Maphatikizo a Chichewa salola f ndi l kutsatana popanda lembo la liwu pakati, choncho mlembi wosamala adzalemba kufulasha, monga momwe school idakhalira sukulu.

Povuta ndi pa VoIP. Womasulira wofulumira angalembe kuti "mawu a pa intaneti" kapena "kutumiza mawu pa intaneti," koma m'Chichewa liwu ndi mawu amatanthauza zinthu ziwiri zimene Chingerezi chimazisiyanitsa, zomveka kuchokera pakhosi ndi zolembedwa pa pepala. Wophunzira wowerenga "kutumiza mawu pa intaneti" angaganize za uthenga wolembedwa, ndipo sadzalakwa. Kuimba foni pa intaneti kulibe vuto limeneli, ndipo n'kumene anthu amanena kale. M'buku la amisiri chidule cha VoIP chingasiyidwe monga chilili, chitafotokozedwa kamodzi, pakuti mmisiri adzachipeza pa zida ndi m'mapepala ake a ntchito. M'buku la sukulu ya pulayimale sichikufunika.

Pa wailesi pamamveka kawirikawiri kuti msonkhano udachitika "kudzera pa makina a intaneti." Mawuwa adathandiza pamene intaneti idali yachilendo, chifukwa makina adauza womvera mtundu wa chinthucho. Lero akungotalikitsa chiganizo, ndipo msonkhano wa pa intaneti ukukwanira. Liwu lakuti pulogalamu nalo lasenza katundu wambiri, pakuti ndi ya pa wailesi, ndi ndondomeko ya mwambo, ndiponso ndi ya pa kompyuta kapena pa foni. Pamene chiganizo sichikuonetsa chokha, mlembi awonjezere mawu ofotokoza. Kalembedwe kake kamapezeka m'njira zingapo, pulogalamu, pologalamu ndi purogiramu. Lamulo lakuti r alembedwe pambuyo pa i ndi e, ndipo l kwina konse, likukana purogiramu chifukwa cha r woyambayo, wotsatira u.

Za intaneti yeniyeniyo, m'zolembedwa muli pa Intaneti, pa intaneti ndi paintaneti. Lembo lalikulu lidatengedwa ku Chingerezi, koma kumeneko bungwe la nkhani la Associated Press lidalisiya mu 2016, ndipo palibe chifukwa choti Chichewa chisunge chimene wobwereketsa adataya. Kuphatikiza kukhala paintaneti kumagundanitsa a ndi i, ndipo diso la wowerenga limapunthwa pofuna poyambira dzinalo. Dzinali lidalowa m'gulu la I-Zi, monga foni ndi kompyuta: intaneti yavuta, foni yalira, kompyuta yazima. Pochulukitsa anthu amati mafoni ndi makompyuta, monga amachitira ndi maina ambiri obwereka, ndipo agwirizanitsi amatsata mphatikiram'mbuyo ma-: mafoni awa, osati mafoni izi.

Palinso kusintha kumene kukudza. Foni ya m'manja itafika, ndiyo idafunika mawu ofotokoza, pamene ya nthambo inkangotchedwa foni. Patapita zaka zochepa ya m'manja idatenga dzina lonselo, ndipo ya nthambo ndiyo idayamba kutchedwa foni yapansi. Zomwezi zayandikira foni ya pa intaneti. Pa netiweki za 4G zimene zili ndi VoLTE, foni wamba yoimbidwa ndi mayunitsi imayenda kale m'timaphukusi, mwa njira yomwe Danny Cohen adayesa mu 1974. Ku Britain kampani ya BT idalengeza mu 2024 kuti idzakhala itazimitsa netiweki yake yakale ya matelefoni pofika kumapeto kwa Januwale 2027, ndipo matelefoni a m'nyumba adzidzadzera pa intaneti. Kumene zimenezi zachitika, mawu akuti "ya pa intaneti" sasiyanitsanso foni ina ndi inzake, ndipo amene adzalembe mbiri ya telefoni ya Bell ndiwo adzafune mawu ofotokozera ana kuti kale liwu linkayenda m'njira yakeyake.